Ligi za basiketi zitaima ndi Covid-19, kuchigwa cha Shire kudaima chiyani?

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje ukangoti "mpira", aliyense amadziwa kuti ukunena wamiyendo. Ukati "wamanja", amaganiza za ntchemberembaye. Basiketi imabwera pambuyo, mwinanso kumbuyo kwa bawo. Ndiye nditamuuza mnzanga wina wa ku Ngabu kuti ndikulemba za ligi za basiketi zomwe zidasokonekera ndi mliri wa Covid-19, adaseka mpaka kupukuta misozi. "Achimwene," adatero, "za ku America zikutikhudza bwanji ife odya mapira?" Tidakhala pakhonde la golosale mpaka dzuwa kupendeka, iye akufunsa, ine ndikuyankha. Mafunso ali m'munsiwa ambiri ndi ake, ena ndawonjezera ndekha.

Tiyambe ndi komwe zidayambira. Chidachitika n'chiyani m'Malichi 2020?

Pa 11 Malichi 2020, tsiku lomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, timu ya Utah Jazz idali ku Oklahoma City kukasewera ndi Thunder mu ligi ya NBA, yomwe ndi ligi yaikulu ndi yolemera kuposa zonse pa basiketi. Anthu adali atadzaza bwalo, osewera atatenthetsa kale thupi, kungotsala kuti oimbira aponye mpira m'mwamba. Mpamene mkulu wa zachipatala wa Thunder adathamangira pakati pa bwalo n'kunong'oneza oimbirawo. Osewera adabwezedwa kuzipinda zosinthira, ochemerera adauzidwa kuti azipita kwawo. Rudy Gobert, chimphona cha Jazz chochokera ku France, adali atapezeka ndi kachiromboka. Usiku womwewo NBA idaimitsa ligi yonse.

Masiku awiri m'mbuyomo, Gobert yemweyo adali atagwiragwira dala zimkuzamawu za atolankhani pamsonkhano, kuseleula nkhani ya matendawa. Adapepesa pambuyo pake. Sindimuweruza kwambiri, poti nthawi imeneyo ngakhale kwathu kuno ambiri tinkati kolona ndi chimfine cha azungu.

Kuima kwa NBA kudagwedeza masewero ena onse. M'masiku ochepa chabe ligi zikuluzikulu za mpira wamiyendo ku Ulaya zomwe zidali zisanaime nazo zidaima. Ligi ya basiketi ya matimu akuluakulu a ku Ulaya, EuroLeague, idadikira mpaka Meyi kenako idangothetsa chaka chonse popanda katswiri. Mipikisano ya Olympics ya ku Tokyo idasunthidwira ku 2021.

Bwanji basiketi ndiyo idagwa msanga chotere?

Chifukwa cha mmene imaseweredwera. Anthu khumi amapanikizana pabwalo la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, akupumirana kumaso, thukuta likusakanikirana, onse akugwira mpira umodzi ndi manja. Kuwonjezera apo, ligi zamalipiro zimasewerera m'nyumba zotsekedwa, momwe mumalowa anthu pafupifupi 20,000. Kachirombo koyenda ndi mpweya sikangafune malo ena oposa amenewa. Timu iliyonse ya NBA imasewera magemu 82 pachaka, lero mzinda uno mkucha mzinda wina, moti wosewera mmodzi wodwala akhoza kusiya matenda m'mizinda itatu sabata isanathe.

Koma ndidamva kuti Lakers idatenga chikho chaka chomwecho. Adamaliza bwanji ligi yoimitsidwa?

Adachita kugula m'bindikiro. NBA idatenga matimu 22 mwa matimu ake 30 n'kuwatsekera ku Walt Disney World, pafupi ndi Orlando m'chigawo cha Florida. Osewera, makochi, oimbira, madotolo ndi atolankhani ochepa adagona m'mahotela a mkati mwa mpandawo, akuyezedwa tsiku ndi tsiku. Wotuluka popanda chilolezo ankati akabwerera, amayamba wakhala yekha m'chipinda masiku angapo. Kwa munthu wa kwathu chifaniziro chapafupi ndi chinamwali: walowa walowa, achibale sakuona mpaka tsiku lotuluka, ndipo chakudya chimachita kukupeza komweko.

Masewero adayambiranso pa 30 Julayi, m'mabwalo opanda ochemerera. Nkhope za masapota zinkangooneka pa makanema akuluakulu m'mbali mwa bwalo, iwo ali kunyumba kwawo. Mu Ogasiti ligi idaimanso masiku ochepa, ulendo uno osati ndi matenda: osewera a Milwaukee Bucks adakana kulowa m'bwalo pokwiya ndi apolisi omwe adawombera munthu wakuda, Jacob Blake, ku Kenosha. Pa 11 Okutobala Los Angeles Lakers ya LeBron James idagonjetsa Miami Heat n'kutenga chikho chake cha nambala 17. Miyezi itatu yonseyo, palibe wosewera yemwe adapezeka ndi Covid-19 mkati mwa mpandawo.

Chomwe anthu amaiwala akamayamikira nkhaniyi ndi mtengo wake. Malipoti ambiri amati m'bindikirowo udadya madola pafupifupi 180 miliyoni, kuposa K100 biliyoni pa mtengo wa kwacha wa chaka chimenecho. NBA sidawononge ndalamazi chifukwa chokonda masewero chabe. Ikadapanda kumaliza ligi, ikadataya ndalama zochuluka kuposa pamenepa zomwe makampani a wailesi zakanema amalipira kuti azionetsa magemuwo. Osewera nawo adamva kuwawa: kuyambira pakati pa Meyi ankadulidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro awo. Chaka chotsatira ligi idayamba mochedwa, pa 22 Disembala, magemu atachepetsedwa kufika 72, ndipo Toronto Raptors ya ku Canada idasamukira ku Tampa chifukwa malire a dziko lawo adali otseka.

Nanga ku Africa kuno ilipo ligi yotere?

Ilipo, ndipo mliriwu udaipeza isanabadwe n'komwe. NBA ndi bungwe loyendetsa basiketi padziko lonse la FIBA adagwirizana zoyambitsa Basketball Africa League, yomwe anthu amangoti BAL, ya matimu 12 ochokera m'maiko 12. Gemu yoyamba idayenera kuchitika pa 13 Malichi 2020 ku Dakar, ndipo masewero akadazungulira mizinda ingapo, monga Cairo, Lagos ndi Luanda, n'kukathera ku Kigali. Kutangotsala masiku ochepa, Senegal itapeza wodwala wake woyamba, akuluakulu a ligiyi motsogozedwa ndi Amadou Gallo Fall adaimitsa zonse. Ndiye kuti BAL idaima NBA isanaime.

Matimu adadikira chaka ndi miyezi iwiri. Ena adataya osewera omwe adawalemba, ena ligi za kwawo zidali zitaima kotero adafika pa mpikisano miyendo italemera. Pomaliza BAL idachita zomwe idachita NBA, koma zochepetsedwa: matimu onse adawasonkhanitsa ku Kigali, n'kusewera magemu 26 m'bwalo limodzi la Kigali Arena kuyambira pa 16 mpaka pa 30 Meyi 2021. Ligi ya miyezi itatu idapanikizidwa m'masabata awiri. Zamalek ya ku Egypt idagonjetsa US Monastir ya ku Tunisia 76 kwa 63 mundime yomaliza, Petro de Luanda ya ku Angola idakhala yachitatu. Achinyamata ambiri amaukumbukira mpikisanowu chifukwa woimba wa ku America J. Cole adasewerako magemu atatu mu timu ya Patriots ya ku Rwanda. Ine ndimaukumbukira chifukwa cha anansi athu.

Anansi ake ati? Malawi idaliko?

Malawi kudalibe, koma Mozambique idaliko. Ferroviário de Maputo idafika mundime ya matimu asanu ndi atatu, komwe idatulutsidwa ndi eni bwalo a Patriots. Kwa munthu wa ku Nsanje iyi si nkhani ya kutali. Ukadutsa pachipata cha Marka uli kale ku Vila Nova da Fronteira, ndipo ukawoloka Shire pa bwato uli m'dziko lomwelo, pakati pa anthu olankhula Chisena chomwecho. Kumeneko basiketi ndi masewero olemekezeka, makamaka ya amayi, ndipo matimu otchedwa Ferroviário, a kampani ya njanji ndi madoko, alipo ku Maputo, ku Beira ndi ku Nampula. Ife njanji yathu yopita ku Marka idagona zaka zambirimbiri, nanji timu.

Kwathu kuno ligi ya basiketi yolipira osewera malipiro oti n'kudyetsa banja kulibe. Masewerowa amayendetsedwa ndi bungwe la BASMAL kudzera m'maligi a zigawo: SOZOBAL kummwera, CEZOBAL pakati, NOZOBAL kumpoto. Osewera ambiri ndi ophunzira a m'makoleji, asilikali ndi anthu apantchito omwe amasonkha okha za thiransipoti. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe ndiyo yakhala ikunyamula mbendera m'mipikisano yofunira malo mu BAL.

Ngati mukufuna Mmalawi amene adalawa m'bindikiro wa ligi yamalipiro m'chaka cha mliri, yang'anani kwa mphwake wa basiketi, ntchemberembaye. Mu 2020 ligi ya ku Australia idasamutsira matimu ake onse ku Queensland, ndipo Melbourne Vixens ya Mwawi Kumwenda idakhala miyezi kutali ndi kwawo. Mu Okutobala idatenga chikho pogonjetsa West Coast Fever 66 kwa 64, Mwawi n'kusankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa gemuyo.

Ndiye ngati kuchigwa kulibe ligi, chidaima n'chiyani? Si ndiye kuti ife sitidataye kanthu?

Apa mpamene ndidasiyana maganizo ndi mnzanga uja. Kuchigwa ligi ya basiketi ndi teremu ya sukulu. Bwalo lili pasukulu ya sekondale, mpira uli mu ofesi ya mphunzitsi wa zamasewero, kochi ndi mphunzitsi yemweyo amene m'mawa amaphunzitsa masamu. Sukulu ikatseka, zonse zitatu zimatsekeredwa limodzi. Mnyamata wa mpira wamiyendo amakulunga mapepala a pulasitiki ndi luzi, n'kuika njerwa ziwiri pa mchenga, masewero ayambika. Basiketi siitero. Imafuna pansi polimba poti mpira unjanje, imafuna mkombero wachitsulo wopachikidwa mamita atatu ndi pang'ono, imafuna mpira weniweni wopopa.

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, n'kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100. Sukulu zonse zidatseka pa 23 Malichi, odwala oyamba asanapezeke n'komwe, poti iwo adalengezedwa pa 2 Epulo. A Sitandade 8 ndi Folomu 4 adabwerera pa 7 Seputembala, enawo pa 12 Okutobala. Onkhetsani nokha: mwana wa Folomu 2 adakhala pakhomo kupitirira theka la chaka.

Tsono muone miyezi yake. Aliyense wokhala kuchigwa amadziwa kuti nthawi yothamanga ndi Meyi, Juni ndi Julayi, kukamawomba kamphepo ka mwera. Imeneyi ndiyo miyezi yomwe idatayika yonse. Ana adabwerera mu Okutobala, mwezi womwe kutentha kumadutsa madigiri 40, mbuzi zitaunjikana pansi pa mitengo ya masau, ngakhale akabaza ataimika njinga. Ndidaima pabwalo la sukulu ina masana a mwezi umenewo. Udzu udali utamera m'ming'alu ya simenti n'kuumiranso momwemo. Thabwa la kuseri kwa mkombero lidali litapindika ndi dzuwa, mkombero wina utaweramira pansi chifukwa ana a m'mudzi ankachitapo katungwe. Mipira iwiri yomwe idatsekeredwa m'kabati idatuluka yophwa, umodzi utang'ambika mumsoko. Mtsikana wina adayesa kuunjanjitsa, udangoti phwa, osadzukanso. Simenti ija sukadaiponda wopanda nsapato, ndipo ambiri mwa anawo nsapato zamasewero alibe.

Asanapume n'komwe, mayeso a MSCE adathetsedwa mu Novembala chifukwa chobedwa, n'kulembedwanso mu Januwale 2021. Mwezi womwewo sukulu zidatsekanso milungu isanu, ndipo zitati zitsegulidwe aphunzitsi adanyanyala ntchito pofuna ndalama za chiopsezo. Pofuna kubweza nthawi yotayika, materemu adapanikizidwa, ndipo mukudziwa chomwe chimayamba kuchotsedwa pa ndandanda zikatere: masewero.

Koma chotayika chachikulu ndi anthu. Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi yomwe sukulu zidali zotseka mu 2020, atsikana pafupifupi 40,000 adatenga mimba ndipo maukwati a ana adakwana pafupifupi 13,000 m'dziko lonse. Chigwa chathu, momwe umphawi umakankhira kale ana ku banja msanga, sichidali kunja kwa chiwerengerochi. LeBron James adadikira miyezi inayi n'kubwerera pabwalo ali yemweyo. Mtsikana wamtali wa Folomu 3, yemwe aphunzitsi ankati ameneyu adzafika patali, sadabwerere. Anyamata ena adalowa ganyu m'minda ya nzimbe, ena adagwira kabaza, ena adawolokera ku Mozambique kukalima. Msinkhu wophunzira masewerowa ndi waufupi, ndipo ukadutsa wadutsa.

Ena ankati kolona sangapirire kutentha kwa kuchigwa. Kodi matendawa adafikadi kuno?

Adafika. Kutentha sikuletsa kachiromboka, ngakhale n'zoona kuti panja pomwe mphepo ikuwomba sikafala msanga ngati m'nyumba yotseka. Chigwa chili pa msewu wa M1, chili ndi zipata ndi madoko osawerengeka a ku Mozambique, chili ndi misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula komwe kumakumana ogula ng'ombe, thonje ndi nsomba ochokera kumtunda.

Amene ankakayika adasiya kukayika pa 12 Januwale 2021. Tsiku limenelo kudamwalira nduna ziwiri ndi Covid-19: Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia, nduna ya zamtengatenga, wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani cha MCP, yemwe adakhalapo phungu wa ku Chikwawa ndipo anthu ankamutcha chimphona cha ndale za kuchigwa. Madzulo ake Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengezanso kuti dziko lili pangozi. Masewero adaimanso. Ligi ya mpira wamiyendo ya TNM Super League, yomwe idachedwa kale mpaka kuyamba kumapeto kwa Novembala 2020, idapumira panjira n'kudzatha chakumapeto kwa 2021, Nyasa Big Bullets itatenga chikho. Bingu National Stadium idasanduka chipatala cha odwala Covid-19, ndipo Blantyre Youth Centre, komwe basiketi ndi ntchemberembaye za kummwera zimasewereredwa, idatchulidwa nayo pa malo oti pagonekedwe odwala.

Kodi ife sitikadatha kuchita m'bindikiro wathu, ngakhale waung'ono?

Ayi, ndipo tisanamizane. M'bindikiro wa masewero umaima pa zinthu zitatu: zoyezera zokwanira kuyeza munthu aliyense pafupipafupi, malo ogona ndi chakudya cha milungu yambiri, ndi wina wolipira chifukwa akupindula poonetsa magemuwo pa kanema. Basiketi ya ku Malawi ilibe chachitatucho, ndiye ziwiri zoyambazo zichokera kuti? Ngakhale matimu a mpira wamiyendo, omwe amadalira ndalama za pakhomo la bwalo, adalira kuti kusewera popanda masapota ndi kuluza kawiri.

Dziko lenilenilo m'bindikiro lidaukana. Boma litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, mavenda adachita zionetsero, bungwe la HRDC lidapita kukhoti, ndipo Jaji Kenyatta Nyirenda adauletsa kutatsala tsiku limodzi. Funso la anthu lidali losavuta: tikakhala m'nyumba tidya chiyani? Kumapeto kwa Meyi, anthu mazanamazana obwera kuchokera ku South Africa omwe adawasunga pa Kamuzu Stadium podikira zotsatira za kuyezedwa adathawa, ena kulumpha mpanda, podandaula za chakudya ndi zimbudzi. Umenewo ndiwo m'bindikiro wa m'bwalo lamasewero womwe tidauona kuno. Ndipo pamene misonkhano ya ndale yokonzekera chisankho cha pa 23 Juni inkadzaza mabwalo a sukulu, ana a sukuluzo adali oletsedwa kusewerapo. 

Katemera atabwera, zinthu zidabwerera m'chimake?

Kwina zidabwerera. Katemera woyamba adafika m'dziko muno m'Malichi 2021, ndipo pang'onopang'ono mabwalo adatsegulidwa. BAL idapitirira chaka ndi chaka. Ku Lilongwe kudamangidwa bwalo la m'nyumba la Griffin Saenda pokonzekera masewero a achinyamata a chigawo chino cha Africa mu Disembala 2022.

Kuchigwa mliri udangosinthana ndi madzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, dziko lidataya magetsi pafupifupi mamegawati 130, msewu wa M1 udaduka malo angapo. Mu Malichi kudabwera Gombe, kolera idatsatira, kenako Freddy mu Malichi 2023, yemwe adatsekanso sukulu za maboma a kummwera. Ndipo madzi akasefukira, anthu a ku Makhanga, a kutsidya la kummawa kwa Shire ndi a m'mbali mwa Mwanza ndi Ruo amathawira kuti? Kusukulu ndi kumatchalitchi. Makalasi amasanduka zipinda zogona, ndipo bwalo la simenti, pokhala malo okhawo ouma ndi osalala, limasanduka poyanika ufa wonyowa, poimika matenti, pogawira chimanga. Palibe amene angadandaule nazo, moyo ndiwo uli patsogolo. Ndikungonena kuti chomwe NBA idachiona kamodzi n'kuchilemba m'mabuku a mbiri, mwana wa ku Nsanje amachiona pafupifupi dzinja lililonse.

Anthu akudya nyika chifukwa cha njala, inu mukukamba za basiketi. Si kusowa chochita kumeneku?

Mnzanga adafunsa funsoli akuseka, koma ndi lolemera. Mpira sudyedwa, n'zoona. Koma funsani mphunzitsi wamkulu aliyense chomwe chimasunga ana ena pasukulu pamene m'kalasi zinthu sizikuwayendera. Maboma a Chikwawa ndi Nsanje, malinga ndi kalembera wa 2018, ali ndi anthu oposa 860,000, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Kunena kuti onsewo adikire kaye njala ithe ndiye adzasewere, n'chimodzimodzi kunena kuti asadzasewere. Komanso chigwa si chachilendo pa masewero a pamwamba: Nchalo United idalawako Super League ikusewerera pa Kalulu Stadium. Chomwe chidatheka ndi mpira wamiyendo chidatheka chifukwa bwalo lidalipo.

Chabwino. Nanga chomwe chingachitike ndi ndalama zathu zomwezi n'chiyani?

Tiyambe ndi kuchepetsa maloto. Kigali Arena sitiimanga ku Bangula. Koma pali mtundu wa basiketi wa atatuatatu, womwe udalowa mu Olympics koyamba ku Tokyo mu 2021. Umafuna theka la bwalo ndi mkombero umodzi, gemu imatha pa mphindi 10 kapena timu ina ikafika mapointi 21. Amasewerera panja, ndipo mpikisano wonse ukhoza kuyamba mmawa n'kutha dzuwa lisanafike paliwombo, chomwe kwa ife a dziko lotentha si nkhani yaing'ono. James Naismith adayambitsa basiketi mu 1891 ku Springfield pofuna kuti anyamata ake azisewera m'nyumba pothawa chisanu. Ife tikuthawa dzuwa, ndiye kalendala yathu isamatengere ya ku Blantyre: ligi ya kuchigwa iyambe madzi akangophwa mu Epulo, ithe Ogasiti asanathe.

Chachiwiri, mabwalo ena akhale kunja kwa mpanda wa sukulu, pamalo okwera, pafupi ndi msika kapena bwalo la mfumu, ndipo mpira usungidwe ndi komiti ya achinyamata. Mliri wina ukadzabwera, kapena sukulu ikadzasandukanso msasa, masewero asadzatsekeredwe m'kabati. Chachitatu n'cha a BASMAL ndi SOZOBAL. Kuchoka ku Blantyre kufika pa Chikwawa boma ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Timu ziwiri za m'tauni zitatsikira kuchigwa kamodzi pachaka kudzasewera pa Nchalo, ana akuona ndi maso, zingachite zomwe kanema sangachite, poti magemu a NBA amaoneka kuno pakati pa usiku, mashowu a vidiyo atatseka, mwinanso magetsi atazima.

Mnzanga uja adamaliza Fanta wake n'kunena kuti, "Zonsezi n'zabwino, koma simenti agula ndani?" Funso limeneli ndikulipereka kwa inu aphungu a kuchigwa, kwa makhansala ndi mabwanamkubwa a Chikwawa ndi Nsanje, kwa makampani a shuga, thonje ndi ng'ombe omwe amapeza phindu m'nthaka imeneyi, ndi kwa inu ana a kuchigwa amene muli pantchito ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni. Mukadzapita kumudzi pa Khirisimasi, kadutseni pasukulu yomwe mudaphunzira, mukaone ngati mkombero udakali chiimire. Ngati ulipo, siyanipo mpira ndi pampu.